Ndisanasankhe ntchito ya makatuni a pakompyuta, ndinawerenga mbiri yake

Pa tchuthi chapitachi amalume anga anandipeza pakhonde, laputopu ili pamiyendo, ndikulimbana ndi kagalu kamene ndinkakaumba mu Blender. Kankayenda ngati kaponda minga. Anaonerera kwa kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Mphwanga, n'zokongola ndithu izi. Koma ukamaliza sukulu adzakulembe ntchito ndani?" Ndisanatsegule pakamwa, msuweni wanga anatulutsa foni n'kutionetsa kavidiyo kamene AI inapanga atangoilembera chiganizo chimodzi. Galu wa m'menemo ankathamanga bwino kuposa kanga kamene kanali katandidyera milungu itatu. Amalume anangogwedeza mutu n'kubwerera ku wailesi yawo.

Funso lawo linanditsata mpaka kusukulu. Kwanditsalira chaka chimodzi kuti ndimalize digiri, ndipo ndiyenera kusankha: kodi usiku ndizichezera pa computer graphics, kuumba zinthu ndi kuziyendetsa pasikirini, kapena ndingotsata anzanga amene akulimbikira ma network ndi ma database, popeza ntchito zake timaziona m'nyuzipepala? Pa YouTube aliyense ali ndi yankho, koma ambiri mwa oyankhawo akugulitsa kosi. Ndiye ndinaganiza zofunsa akuluakulu amene anayambitsa ntchitoyi. Ndinafuna kudziwa kuti anali ndani, analowa bwanji, ndipo chinawachitikira n'chiyani zida zawo zitatha ntchito. Zimene ndinapeza ndikufuna ndigawane nanu, makamaka inu amene mwaima pamphambano ngati yangayi.

Inayamba ndi anthu a masamu ndi a galimoto

Choyamba kundidabwitsa chinali chakuti ntchitoyi siinabadwire ku Hollywood. Mbali ina inabadwira m'mafakitale a galimoto ku France. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 makampani ankavutika kufotokozera makina maonekedwe a thupi la galimoto. Mzere woongoka suvuta kuulemba m'manambala, koma kukhota kwa boneti kapena chitseko kunkadalira dzanja la mmisiri ndi zitsanzo zosema. Mu 1959 Paul de Casteljau, katswiri wa masamu wa ku Citroën, anapeza njira yofotokozera mzere wokhota pogwiritsa ntchito timadontho tochepa chabe. Kampani yake inasunga njirayo mwachinsinsi. Pierre Bézier, injiniya wa ku Renault, anafika pa mfundo yomweyo payekha n'kuifalitsa m'zaka za m'ma 1960, n'chifukwa chake dzina limene linatchuka ndi lake. Ngati munakokapo kamzere ndi pen tool mu Illustrator kapena Inkscape n'kuona kakukhota mukasuntha kadontho, munagwiritsapo ntchito nzeru za anthu awiriwa. Ngakhale zilembo zimene mukuwerengazi zinajambulidwa ndi mizere ya mtundu umenewu.

Ku America, mu 1963, wophunzira wa zaka 24 wa pa MIT, Ivan Sutherland, anapereka kafukufuku wake wa PhD wotchedwa Sketchpad. Nthawi imeneyo anthu ambiri ankalankhula ndi kompyuta kudzera m'makadi oboola, n'kudikira yankho papepala. Sutherland anagwiritsa ntchito kompyuta yaikulu ya TX-2 ya ku Lincoln Laboratory ndi cholembera chamagetsi chimene ankaloza nacho pasikirini. Ankajambula mizere pomwepo, n'kuuza kompyuta kuti iwiri mwa iyo ikhale yofanana kutalika, ndipo chithunzicho chinkadzikonza chokha. Chinthu akachijambula kamodzi ankatha kuchibwereza malo ambiri, ndipo akasintha choyambacho zinazo zinkasintha zonse. TX-2 anaipasula kalekale. Koma mfundo ya Sutherland ndimaigwiritsa ntchito mpaka lero ndikamadzaza nkhalango yonse kuchokera pa mtengo umodzi umene ndaumba.

Dzanja, kuwala ndi ketulo ya tiyi

Mu 1965 David Evans anapita ku University of Utah, mumzinda wa Salt Lake City, kukayambitsa maphunziro a kompyuta, ndipo mu 1968 Sutherland anamutsatira. Ndalama za kafukufuku zinkachokera ku ARPA, nthambi ya unduna wa zachitetezo wa dzikolo. Awiriwa anatsegulanso kampani ya Evans & Sutherland, imene inatchuka ndi makina ophunzitsira oyendetsa ndege. Ophunzira amene anadutsa pamenepo mayina awo ndi olemera. Pali John Warnock amene anadzayambitsa nawo Adobe, Jim Clark wa Silicon Graphics, Alan Kay ndi Jim Blinn. Koma pali anayi amene nkhani zawo zinandigwira mtima kwambiri.

Ed Catmull ali mwana ankalakalaka kudzakhala wojambula makatuni ku Disney. Atakula anaona kuti dzanja lake silinkafika pamenepo, choncho anaphunzira physics ndi kompyuta. Mu 1972 anaumba dzanja lake lamanzere ndi pulasitala n'kujambulapo timagawo ta makona atatu ndi anayi tokwana pafupifupi 350. Kenako anayeza malo a kona iliyonse, n'kulowetsa manambalawo mu kompyuta, n'kulemba pulogalamu yoti zala zizipinda. Kafilimu kakafupi kamene anapanga ndi mnzake Fred Parke kanaonetsa dzanja likutambasuka, kufumbata ndi kuloza. Mu 1976 kanaoneka m'filimu ya Futureworld, ndipo mu 2011 Library of Congress inakaika pa mndandanda wa mafilimu oyenera kusungidwa. Nkhaniyi inanditonthoza, chifukwa nanenso pensulo siindimvera kwenikweni. Catmull atapeza khomo la kutsogolo lotseka anazungulira kuseri n'kukalowera pa khomo la masamu.

Vuto la timagawo totere n'lakuti chinthu chimaoneka cha makonamakona ngati mwala wosemedwa mwachangu. Mu 1971 Henri Gouraud wa ku France anapeza njira yosakaniza kuwala kuchokera pa kona ina kufika pa inzake kuti nkhope ioneke yosalala. Bui Tuong Phong, wobadwira ku Hanoi ku Vietnam, anapitiriza pamenepo. Mu 1973 anafotokoza m'masamu kunyezimira kumene timaona pa phwetekere wakupsa kapena pa kapu yadothi kuwala kukagundapo. Anamwalira ndi khansa mu 1975 ali ndi zaka 32, koma wophunzira graphics aliyense amakumanabe ndi dzina lake. Ndikawerenga masamu akewo ndimaona munthu amene anayamba wayang'anitsitsa zinthu zenizeni, n'kudzifunsa chifukwa chake kadontho kowala kamasuntha iye akasuntha mutu.

Wachinayi ndi Martin Newell wa ku England. Mu 1975 ankafuna chinthu choyeserapo njira zake, ndipo anatenga ketulo yothiramo tiyi ya kunyumba kwake, ya mtundu wa Melitta. Anaijambula papepala la timabokosi n'kuilemba m'manambala pogwiritsa ntchito masamu a Bézier aja. Ketulo ili ndi zonse zimene zimavutitsa kompyuta: mimba yozungulira, chogwirira chokhala ndi bowo, mlomo wokhota, komanso mthunzi umene mbali ina imaponya pa inzake. Manambalawo anafalikira kwa ofufuza ena, ndipo ketuloyo inasanduka choyesera cha aliyense. Mukaonetsetsa mudzaipeza mu Toy Story. Yeniyeniyo imasungidwa ku Computer History Museum ku Mountain View, California.

Zida zinalipo, nthano inkasowa

Mu 1974 Alexander Schure, amene anayambitsa New York Institute of Technology, anagula makina okwera mtengo n'kuika Catmull kukhala mkulu wa labu yatsopano ya graphics. Labuyo inali ndi ndalama, zida zabwino za nthawiyo ndi akatswiri ngati Alvy Ray Smith. Komabe filimu yaitali imene inayambidwa kumeneko, The Works, siinathe. Makompyuta anali asanakhwime, inde, koma panalinso vuto lina: gululo linalibe anthu odziwa kusimba nthano ndi kupatsa moyo chinthu chojambulidwa. Mu 1979 Catmull anachoka n'kupita kukatsogolera nthambi ya makompyuta ku Lucasfilm, kampani ya George Lucas wa Star Wars.

Chosowacho chinabwera ndi munthu wa pensulo. John Lasseter anaphunzira ku CalArts n'kulembedwa ntchito ku Disney. Ataona zimene makompyuta anachita m'filimu ya Tron ya mu 1982, anayamba kukakamira kuti makatuni ayesenso njira imeneyi, mpaka anachotsedwa ntchito. Gulu la Catmull linamutenga, koma linamulemba ngati "interface designer" popeza silinapatsidwe ntchito yopanga makatuni. Lasseter anabweretsa mfundo zimene akamuna akale a Disney anaziphunzira papepala kuyambira m'ma 1930, zimene Frank Thomas ndi Ollie Johnston anazisonkhanitsa m'buku la The Illusion of Life mu 1981. Munthu asanadumphe amayamba wanyonyomala. Mpira ukagunda pansi umaphwatalala, ukamanyamuka umatalika. Nyama ikaima mwadzidzidzi, mchira ndi makutu zimapitirirabe pang'ono.

Kafilimu ka Luxo Jr. ka mu 1986 ndi ka mphindi ziwiri zokha: nyale ziwiri za patebulo, yaikulu ndi yaing'ono, ndi kampira. Nyalezo zilibe maso kapena pakamwa, koma woonera aliyense amazindikira kholo ndi mwana wopulupudza. Zonse zili m'kayendedwe ndi m'kudikira. Kanyale kamene kamadumphira pa chilembo cha I kumayambiriro kwa mafilimu a Pixar kanachokera m'kafilimu kameneka.

Chaka chomwecho Steve Jobs anagula nthambiyo. Anapereka madola 5 miliyoni kwa Lucas ndi ena 5 miliyoni oyendetsera kampani yatsopano, Pixar. Ambiri sitidziwa kuti Pixar inayamba ngati kampani yogulitsa makompyuta, ndipo malondawo sanayende. Mu 1990 inagulitsa mbali ya makinayo, ndipo kwa zaka zingapo inkapezako ndalama popanga zotsatsa malonda za pa TV za zinthu ngati Listerine ndi Tropicana. Toy Story, filimu yaitali yoyamba yopangidwa yonse ndi kompyuta, inatuluka mu November 1995. Kuchokera pa dzanja la pulasitala lija panali patapita zaka 23. Ine milungu itatu ya kagalu ndinali nditayamba kale kudandaula.

Tsiku limene Phil Tippett anaona ngati kwake kwatha

Nkhani imene ikufanana kwambiri ndi ya pakhonde ija ndi ya Phil Tippett. Iye anali katswiri wa zidole, zija amazisuntha pang'ono, n'kujambula chithunzi chimodzi, n'kusunthanso, mpaka zioneke ngati zikuyenda zokha. Anagwira ntchito mu Star Wars ndi RoboCop, ndipo Steven Spielberg anamutenga kuti ayendetse ma dinosaur a mu Jurassic Park mwa njira imeneyi. Ali mkati mokonzekera, anyamata a ku Industrial Light & Magic, Steve Williams ndi Mark Dippé, anaonetsa T. rex wa pakompyuta akuyenda. Spielberg anasintha maganizo. Tippett ananena kuti akudziona ngati nyama imene mtundu wake watha padziko, ndipo mawu akewo analowa m'filimu momwemo.

Koma sanachoke. Anthu a makompyuta ankadziwa kuumba khungu ndi kuwala, pamene Tippett ankadziwa mmene nyama yolemera imatembenukira, pamene imaikira phazi ndi mmene imapumira isanagwire nyama inzake. Anapanga chida chotchedwa Dinosaur Input Device, chidole chachitsulo chokhala ndi masensa m'mfundo zake, kuti anthu a Tippett azisuntha ndi manja monga anazolowera, kompyuta n'kumalemba kayendedweko. Filimuyo inatuluka mu 1993, ndipo Tippett anali mmodzi mwa amene analandira Oscar ya visual effects. Situdiyo yake inasamukira ku makompyuta n'kudzapanga zilombo za mu Starship Troopers mu 1997.

Si onse amene anawoloka chonchi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Disney inachepetsa kwambiri makatuni a pamanja, ndipo mu 2004 inatseka situdiyo yake ya ku Florida. Ojambula ena anaphunzira makompyuta, ena anasiya ntchitoyo. Ndipo zida zimene zinagonjetsa pensulo nazonso zinadzafa. Softimage, pulogalamu imene inayendetsa ma dinosaur aja, inagulidwa ndi Microsoft mu 1994, ndi Avid mu 1998, ndi Autodesk mu 2008, ndipo mu 2014 Autodesk inalengeza kuti yaisiya. Silicon Graphics, imene makompyuta ake anali paliponse m'masitudiyo a m'ma 1990, inagwa ndi ngongole mu 2006 ndi mu 2009. Flash, imene anthu ambiri anaphunzirirapo makatuni a pa intaneti, inatsekedwa pa 31 December 2020. Munthu amene ankangodziwa mabatani a Softimage anayambiranso pansi. Amene ankadziwa chifukwa chake phazi limaoneka lolemera anangosamutsa nzeru zake n'kupitiriza.

Oscar ili m'manja, malipiro kulibe

Ndikanasiyira pamenepa ndikanakhala ndikukunamizani, chifukwa funso la amalume linali la ndalama. Mbiri ili ndi yankho lowawa pa nkhani imeneyi. Rhythm & Hues inali situdiyo ya ku Los Angeles imene inatsegulidwa mu 1987 ndipo inali itapambana kale ma Oscar ndi mafilimu a Babe ndi The Golden Compass. Ndiyo inapanga nyalugwe wa mu Life of Pi, amene anthu ambiri ankaganiza kuti ndi weniweni m'filimu yonse. Mu February 2013 kampaniyo inapita kukhoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole, ndipo anthu oposa 200 anachotsedwa ntchito. Patangopita masiku ochepa, pa 24 February, Life of Pi inapambana Oscar ya visual effects. Kunja kwa holo anthu mazanamazana a ntchitoyi ankachita zionetsero. Mkati, Bill Westenhofer atayamba kutchula mavuto a kampaniyo, anamuyimbira nyimbo ya Jaws n'kumuzimira maikolofoni. Masiku otsatira anthu a ntchitoyi m'mayiko ambiri anasintha zithunzi zawo za pa Facebook n'kuikapo mtundu wobiriwira wokhawokha, kusonyeza mmene mafilimu angaonekere popanda iwo.

Vuto silinali luso. Masitudiyo otere amapikisana pa matenda a mtengo wokhazikika, ndipo ogula ake aakulu ndi makampani ochepa a mafilimu. Wotsogolera filimu akasintha maganizo kapena ntchito ikachedwa, nthawi zambiri mtengo wake umagwera situdiyo. Kuonjezera apo, maboma a malo ngati British Columbia ku Canada ndi a ku Britain amabweza gawo la ndalama kwa opanga mafilimu amene abweretsa ntchito kwawo, choncho ntchito imasamuka kutsata msonkho ndipo antchito amasamuka nayo ndi zikwama zawo. Nkhaniyi siinathere mu 2013. Mu February 2025 Technicolor, mwini wa MPC ndi The Mill, inagwanso, pamene MPC inali itangomaliza kumene ntchito ya filimu ya Mufasa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndinalawako pang'ono chaka chatha. Munthu wina wa bizinesi anandipatsa ntchito ya kavidiyo kotsatsa malonda ka masekondi 30, tinagwirizana mtengo pakamwa, ndipo anandibweza kasanu ndi kawiri kuti ndisinthe izi ndi izo popanda kuonjezera ngakhale tambala. Nditawerenga za Rhythm & Hues ndinaseka ndekha, chifukwa matenda ake ndi omwewo, kungosiyana kukula kwa wodwala.

Khomo limene linatseguka mu 2002

Chimene chasintha motikomera ndi mtengo wolowera. M'zaka za m'ma 1990 kompyuta ya Silicon Graphics pamodzi ndi pulogalamu yake zinkadya madola masauzande ambiri, moti wophunzira wamba sakanayerekeza. Ku Netherlands, Ton Roosendaal analemba Blender ngati chida cha situdiyo yake ya NeoGeo, kenako anatsegula kampani ya Not a Number kuti aifalitse. Kampaniyo inagwa mu 2002 ndipo pulogalamuyo inatsala m'manja mwa amene anaikamo ndalama. Roosendaal anapempha ogwiritsa ntchito Blender kuti asonkhe ma euro 100,000 oiombolera, ndipo ndalamazo zinakwana m'milungu isanu ndi iwiri. Pa 13 October 2002 Blender inatulutsidwa pansi pa chilolezo cha GPL, kutanthauza kuti aliyense angathe kuitenga, kuigwiritsa ntchito ndi kuisintha kwaulere. Anthu amene anasonkha ndalamazo sindidzawaona, koma laputopu yanga yogula pa kaunjika ikudya thukuta lawo.

Pa 2 March 2025 filimu ya Flow ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia inapambana Oscar ya filimu yaitali ya makatuni, kugonjetsa Inside Out 2 ya Pixar ndi The Wild Robot ya DreamWorks. Inali Oscar yoyamba ya dziko la Latvia, ndipo filimuyo inapangidwa ndi Blender yomweyi. Ndi nkhani ya mphaka wothawa chigumula m'bwato pamodzi ndi nyama zina, ndipo mulibe mawu ngakhale amodzi. Ubweya wa nyama zake si wapamwamba ngati wa Pixar. Chimene chimagwira woonera ndi chakuti mphakayo amachita ngati mphaka, mmene amapindira makutu akachita mantha ndi mmene amayesera phazi asanadumphe. Ndi phunziro la Luxo Jr. ndi la Tippett lomwe lija.

Kufupi ndi kwathu kuno, Malenga Mulendema wa ku Zambia analowera pa khomo la nthano. Mu 2015 anasankhidwa mu Story Lab ya Triggerfish, situdiyo ya ku Cape Town imene inapanga Adventures in Zambezia ndi Khumba. Nkhani yake ya atsikana anayi opulumutsa mzinda wa Lusaka wa m'tsogolo inatuluka pa Netflix mu 2023 ndi dzina la Supa Team 4. Kuchokera pa kusankhidwa kufika pasikirini panadutsa zaka zisanu ndi zitatu.

Zimene ndikawauze amalume

Mbiri yonseyi ndaiwerenga ndi funso limodzi: n'chiyani chimene chinatsala zida zitasintha? Yankho limabwera lomwelomwe kuyambira pa Bézier mpaka pa Zilbalodis. Chinatsala ndi kumvetsa maonekedwe a chinthu, kuwala, kulemera ndi nthawi ya kayendedwe, komanso kudziwa chimene woonera ayenera kumva. Makina a Sutherland, a Silicon Graphics ndi Softimage anapita, ndipo Blender nayo tsiku lina idzapita kapena idzasinthiratu. AI ndi mphepo yamphamvu, ndipo ntchito zina zazing'ono zimene oyamba kumene ankaphunzirirapo yayamba kale kuzitenga. Koma tsiku lomwe lija ndinapempha msuweni wanga kuti auze pulogalamu yake kuti galu yemweyo azitsimphina mwendo wakumbuyo wakumanzere. Inatipatsa galu wina, wa mtundu wina, akuthamanga pamalo ena. Wogula ntchito amafuna munthu amene angasinthe mwendo umodziwo n'kusiya zina zonse mmene zilili, ndiponso wodziwa kuti galu wotsimphina amasamutsira kulemera kwake pa miyendo inayo.

Choncho ndasankha kupitiriza, koma mosiyana ndi mmene ndinkachitira. Kosi ya linear algebra imene ndinkaiona ngati chilango ndayamba kuilemekeza, popeza kutembenuza, kukulitsa ndi kusuntha chinthu chilichonse pasikirini ndi kuchulukitsa ma matrix. Ndikuphunzira Python kuti ndizitha kudzilembera tizida tanga mu Blender, zomwe ndi luso loti ndingalinyamule kupita nalo ku ntchito ina zinthu zikavuta. Ndagula kabuku kojambulamo, ndipo ngakhale dzanja langa ndi lolemera, ndimajambula mbuzi, amayi osenza ndowa ndi anyamata a kabaza, chifukwa pensulo imakukakamiza kuyang'ana. Digiri ndiimaliza. Ndasiyanso kuganiza kuti ntchitoyi ndi mafilimu okha. Anthu a Utah anayamba ndi makina ophunzitsira oyendetsa ndege ndipo Pixar inadyera zotsatsa mankhwala otsukira m'kamwa, ndiye ine sindingachite manyazi kuonetsa nyumba isanamangidwe, kupanga kavidiyo kophunzitsa za umoyo kapena kuumba zinthu za m'magemu. Ndipo sindidzayambanso ntchito popanda pepala lonena kuti wogula angandibweze kangati, ndi mtengo wa kusintha kulikonse koonjezera.

Amalume ndikawauza zoona, kuti palibe ofesi imene ikundidikira ndi mpando ndiponso kuti zaka zoyambirira zidzakhala za timaganyu. Ndikawauzanso kuti ntchitoyi yadutsa kale m'mikuntho ingapo kuyambira 1963, ndipo ndaona zimene opulumuka ananyamula. Ngati pakatha zaka zitatu sindidzakhala ndikudzidyetsa, masamu ndi mapulogalamu amene ndikuphunzirawa adzandilowetsa pa khomo lina, ndipo sindidzati nthawi inatayika.

Kagalu kaja ndinabwererako. Ndinatseka laputopu n'kukhala pakhonde madzulo awiri ndikuonerera galu wa aneba akuyendayenda pabwalo. Ndinaona chimene milungu itatu ya ma tutorial siinandionetse: akamayenda mosathamanga, phazi lakumbuyo limatera pafupi ndi pamene lakutsogolo la mbali yomweyo langochoka, ndipo mutu umatsika pang'ono phazi lakutsogolo likagunda pansi. Ndinakonza zimenezo usiku umodzi. Kagalu kanga sikanafike pokongola, koma kasiya kuponda minga.